Pamwamba pa Nkhungu

Masiku asanu ndi anayi nkhungu inakhala pa Dingwall
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Nyali zamumsewu zinkayaka mpaka masana,
malaya pachingwe ankauma gwaa, chowaumitsa chili chisanu.
Loweruka m'bandakucha Torquil anagogoda windo langa ndi chigongono:
"Ishbel, dzuwa likadalipo. Lili pamwamba apo. Tiye tikalizonde."

Tinasiya galimoto m'mphepete mwa msewu,
tochi pamphumi, chikwama kumsana,
tinalowa m'nkhalango ya paini.
Mtsinje tinkangoumva ukung'ung'udza pansi pa ayezi.
Torquil anapuma ntchito ya positi chaka chatha,
bondo lake lamanzere ndi lachitsulo,
koma amayendabe ngati ali ndi makalata ochedwa m'thumba.

Pothera mitengo tinakhala pamwala
kumanga mano achitsulo kunsi kwa nsapato.
Zala zanga zinakana lamba. Ndinatukwana.
Iye anagwada pa bondo labwinolo n'kundimangira, osanena kanthu.

Kenako kunali mbuu.
Kumwamba koyera, pansi poyera,
osadziwa pomwe phiri lathera ndi pomwe mlengalenga wayambira.
Iye patsogolo ndi kampasi, ine kumbuyo kuwerenga mapazi,
kerechu, kerechu, chipale chofewa chitauma pamwamba ngati chikhokho.
Pa makumi asanu ndi limodzi mbalame yoyera inauluka pamapazi anga
ikulira ngati chitseko chadzimbiri,
mtima wanga unapita nayo, nambala nayonso.
"Tiyambirenso," anatero Torquil.

Sindikudziwa kuti zinayamba liti.
Nkhungu inachita chikasu ngati batala,
inapyapyala, inang'ambika,
mutu wanga unatulukira kunja, kenako mapewa,
ndipo dzuwa linali ngwee pankhope panga,
laling'ono, lotsika, koma lomwe lija.

Pansi pathu mitambo inali itayalidwa mpaka kumapeto kwa maso
ngati ubweya wa nkhosa tsiku lometa.
Nsonga za mapiri akumadzulo zinatulukira apa ndi apo,
zigongono ndi mawondo a anthu ogona m'bulangeti limodzi.
Tawuni, njanji, chipatala chomwe ndimagwirako ntchito usiku,
zonse zinali pansi pamenepo, zii.

Nditatembenukira kumpoto ndinaona chimunthu pamtambo,
miyendo italiitali, utawaleza utazungulira mutu wake.
Ndinakweza dzanja, nacho chinakweza.
"Taona, ndavala chisoti!"
"Ayi," anatero Torquil, "chisoticho chili pa ine."
Tinakangana ngati ana
mpaka tinazindikira kuti aliyense akuona chake chokha.

Pansonga pa Ben Wyvis tinamwa tiyi wa m'fulasiki,
chivundikiro chimodzi, kupatsirana,
chifukwa makapu ndinawaiwala pasinki.
Buledi anali wolimba ngati sopo.
Torquil anavula golovesi ndi mano n'kuimbira mkazi wake.
"Effie, tafika."
"Kuno ndayatsa magetsi m'khitchini," mawu anatero,
"mpanda wathu womwe sindikuuona."
Iye anakweza foni m'mwamba, analozetsa kudzuwa,
anaima choncho, dzanja likufiira,
bambo wamkulu wa ndevu zoundana.
Kenako: "Wamva?"
"Ndamva mphepo basi. Pobwera ugule mkaka."

Wani koloko zithunzithunzi zathu zinali zitatalika kale.
Dzuwa la Januwale silidikira munthu.
Tinatsata mapazi athu omwe kutsetsereka,
nkhungu inatilandira m'mawondo, m'chiuno, m'khosi.
Ndinacheuka kamodzi, n'kumira.

M'sitolo, madzulo, mtsikana wa pakauntala anatiyang'ana mphuno.
"Mwapsa ndi chiyani nyengo ino?"
Torquil anawerenga makobidi m'chikhatho,
zala zikunjenjemerabe,
analoza denga ndi botolo la mkaka.
Mtsikanayo anayang'ana m'mwamba,
anaona babu.